Tsitsi Poyamba, Nsidze Pambuyo

Bambo ake a mdzukulu wanga ndi owotcherera zitsulo, aja amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo kuseri kwa malo okwerera mabasi. Mayi ake ndi mwana wanga woyamba, mwini saluni ya chitseko chobiriwira, yomwe ili pakati pa sitolo ya mafoni ndi kachipinda ka telala. Mdzukulu wangayo mwana ali naye mmodzi, wamkazi, wa zaka zinayi, amene tonse timangomuti Wailesi chifukwa akadzuka salekeza kulankhula mpaka tulo timugwetse. Bambo a Wailesi sindiwatchula. Anabwera, anapita, ndipo pepala langa ndi lochepa kuti ndilitayire pa iwo. Mwini nkhaniyi ndi mdzukulu wanga, amene kunyumba timamuti Kanyerere.

Dzinalo ndinamupatsa ndine. Ali wamng'ono ankatha kunjuta pakhonde ola lathunthu akuyang'ana nyerere zikukoka phiko la chiwala, anzake akusewera mpira uko. Ulusi pasingano ankandilowetsera ndi iyeyo. Bambo ake akaweruka tizitsulo titawalowa m'zala, sankaitana mkazi wawo, ankaitana Kanyerere. Kamwanako kankaika dzanja lalikulu lija pabondo pake, kalilime kali kunja pang'ono, n'kumazula kamodzikamodzi ndi kachitsulo kopanira, osatulutsa ngakhale dontho la magazi. Apongozi angawo ankati mwanayu adzakhala dokotala wa maso. Sanaphonye kwenikweni.

Sekondale anamaliza koma mayeso sanamukomere, kenako kunabwera za mimba zija. Wailesi atayamba kukwawa, mayi ake anamuika Kanyerere pabeseni lotsukira mitu. Zaka zitatu mwana wa munthu akutsuka mitu ya anthu, madzi otentha, mankhwala owongolera tsitsi, zala zikusupuka ngati njoka yofundula. Sanadandaule. Koma ine ndinkamuona maso ake kumene ankapita. Kasitomala akaweramitsa mutu chagada pabeseni n'kutseka maso, iye sankayang'ana tsitsi, ankayang'ana nsidze zoikirira zomwe ena ankabwera nazo kuchokera ku masaluni a m'tauni, zija atsikana amati malashi. Ankafunsa mwaulemu kuti anakuikani ndani, zakhala masiku angati, zikuyabwa kapena ayi. Mapeto ake anakaphunzira kwa mayi wina wodziwa ntchitoyi, miyezi itatu, masana akuphunzira, m'mawa akutsukabe mitu.

Kwa amene ntchitoyi sakuidziwa, monga ndinalili ine, si zija zomata ngati kansalu m'mawa n'kumatula madzulo ayi. Izi amaika imodziimodzi. Munthu amagona chagada pakabedi, maso atatseka, zikope za m'munsi atazitchinga ndi katepi kofewa. Kanyerere amakhala chakumutu, nyali ili pafupi, kopanira kena m'dzanja ili, kena m'dzanja ili. Ndi ka kumanzere amapatula nsidze imodzi ya munthuyo pa zinzake. Ndi ka kumanja amatola yoikirira, n'kuinyika pang'ono m'kadontho ka guluu, n'kuikhazika pamwamba pa ija, osakhudza khungu. Akatero wapita pa ina. Diso limodzi zimatha kukwana makumi asanu ndi atatu, ndipo ntchito yonse imadya maola awiri kapena atatu. Zikaikidwa bwino zimayenera kukhala masabata atatu kapena anayi, n'kumagwa pang'onopang'ono pamene nsidze zachibadwa zikuthothoka zokha, monga zimachitira kwa aliyense.

Mayi ake anamupatsa kangodya kumapeto kwa saluni, kuseri kwa katani. Anapereka mokakamizika, ngati munthu wobwereketsa nsapato zatsopano, ndipo anaika lamulo limodzi. Kasitomala wofuna zonse ziwiri aziyamba nsidze, tsitsi lizibwera pomaliza. Chifukwa chake chinali chomveka: munthu sangagone chagada maola awiri tsitsi litakonzedwa kale, litha kuphwanyika. Komanso, ngakhale izi sananene, mwana wanga amafuna kuti munthu akamatuluka pakhomo paja azichoka m'manja mwake, pakuti saluni ndi yake.

Ndiye mudziwe mmene mwana wanga amamalizira mutu wa munthu, poti mpamene pagona nkhani. Akatsuka n'kupaka mankhwala, amamukhazika kasitomala pansi pa chipewa chachikulu cha magetsi chotulutsa nthunzi, chomwe iwo amati sitimu, theka la ola, thukuta lili kamukamu kumaso. Akakonza tsitsi amatenga botolo la mafuta opopera n'kuzunguliza mutu wonse katatu, mpaka munthu kusowa mumtambo. Tsitsi limatuluka likuwala ngati galimoto yatsopano. Anthu amam'dziwira zimenezo, ndipo ambiri amagula botolo lawo kuti azikapopera kunyumba m'mawa uliwonse. Wachita chotere zaka makumi awiri, palibe anadandaulapo.

Mwezi woyamba nsidze za Kanyerere zinkakongola kwambiri tsiku loika. Pofika tsiku lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi, foni inkayamba kulira. Zagwa. Zatsala pakati pokha. Diso lina latsala ngati mswachi wakutha. Iye ankawaitana n'kuwaikanso osawerengera kanthu, ndipo zinkagwanso. Anasintha guluu. Anayamba kumukhutchumula nthawi yaitali asanadonthetse, kumusunga m'botolo lotseka bwino pamalo ozizira, kutaya kadontho kakangoyamba kulimba n'kudontheza katsopano. Anabwerera kwa mphunzitsi wake uja kuti amuyang'ane akugwira ntchito, ndipo mayiyo atamuonerera maola awiri anati manja alibe vuto, mwina makasitomala akowo amatikita maso. Makasitomala analumbira kuti satikita.

Loweruka ine ndimakhala kusaluni, ndimapinda matawulo n'kumaletsa Wailesi kugwira zotentha. Loweruka lina, anthu atadzaza mpaka ena kukhala pabenchi ya panja, kunalowa Ahedi. Ndi aphunzitsi aakulu a sukulu ya ana ang'onoang'ono, kasitomala wa mwana wanga kuyambira kalekale, munthu wa mawu ozolowera kufika kumapeto kwa bwalo. Anatsegula chikwama, n'kutulutsa kapepala kopinda, n'kukatambasula patebulo pamaso pa aliyense. Munali nsidze, zopiringizana ngati miyendo ya udzudzu. Anafotokoza kuti imodzi inagwera m'tiyi ali pamsonkhano ndi makolo, ndipo bambo wina anawalozera ndi chala kuti Ahedi mwagwera kachilombo m'kapu. Anthu anafuna kuseka koma anaona nkhope ya Ahedi n'kumeza.

Mwana wanga anasiya chipeso. Anapinda mawondo pang'ono, manja pamodzi, monga amachitira kwa makasitomala akuluakulu.

"Pepani, Ahedi, pepani ndithu. Vuto si lanu. Ine ndinabereka manja a nkhuni. Mwanayu ntchito saidziwa, anangokataya miyezi itatu m'tauni. Mwezi uno ukatha zikugwabe, bedi lija lichoka, abwerere kubeseni komwe amakutha."

Kanyerere anali atayima pakatani, kopanira kali m'manja. Anatola kapepala kaja, n'kukapinda bwinobwino, n'kukaika m'thumba la epuloni, kenako anabwerera kwa kasitomala amene anali atagona pabedi akumva zonse. Ndinasuzumira. Anali atayambiranso ntchito, koma makutu anali atamuimirira.

Madzulo a tsikulo ndinam'tengera pambali mwana wanga n'kumufunsa ngati mwana amadzudzulidwa chotero pagulu. Anandiyankha kuti dzina la saluni analimanga zaka makumi awiri ndi manja ake, ndipo salola kuti ligwetsedwe ndi tiubweya ta m'maso. Anati akapanda kum'dzudzula yekha, anthu adzati akubisa mwana wake. Sindinamutsutse zonse, pakuti ndinamuona mmene anavutikira kuti afike pamenepo. Koma mawu oti manja a nkhuni sanandichoke m'mutu.

Kunali kutatsala masabata atatu. Kanyerere sanalire, kapena ngati analira analirira kubafa. Anali ndi chizolowezi chojambula kasitomala aliyense ndi foni akamaliza ntchito, ndiye anayamba kuwapempha mmodzimmodzi kuti amutumizire chithunzi cha mmene maso alili tsopano. Ena anatumiza, ena anamutumizira mawu osalembeka. Ankakhala pampando wa kukhitchini akuyerekeza zithunzi, chakudya chikuzizira, n'kumafunsa mafunso ngati wapolisi: mumagona chafufumimba kodi, mumasamba madzi otentha bwanji, kumaso mumadzola chiyani. Mayankho ankabwera osiyanasiyana, osaloza kumodzi. Ndinamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anati agogo, nkhonoyo ili ndi masabata awiri okha.

Loweruka lotsatira kunabwera Anesi a kuchipatala chaching'ono cha pafupi, kudzawonjezera nsidze pomwe panaperewera. Kanyerere atayang'ana tsiku pachithunzi chawo anapeza kuti papita masabata anayi osatsala tsiku, koma nsidze zili chiimire, zongosowa apa ndi apo. Guluu anali yemweyo amene anaika kwa Ahedi, bokosi la nsidze lomwelo, manja omwewo. Anawafunsa kuti amazisamala bwanji. Anesi anaseka, nati alibe nthawi yosamala kanthu, amangosamba kumaso ndi sopo n'kuthamangira kuntchito. Akunena choncho anavula kachipewa kawo kuti agone pabedi. Anesi amameta. Mutu uli see, ngati wa mwana wa sukulu. Pampando wa mwana wanga sanakhalepo chibadwire.

Tsiku limenelo Kanyerere anabwera kunyumba akuyenda ngati wanyamula dzira. Anandikhazika pansi n'kundionetsa zithunzi, ataziika m'magulu awiri. Gulu loyamba linali laling'ono: Anesi, mtsikana wina wovala wigi, ndi mayi wina amene tsitsi amakakonzetsa kwa mchemwali wake. Onsewo nsidze zinakhala. Gulu lachiwiri linali lalikulu, onse amene zinawagwa msanga, ndipo pachithunzi chilichonse mutu unkawala ndi kuwala kumene ine ndikukudziwa. Anati mphunzitsi wake anawauzapo kuti guluu ameneyu safuna nthunzi masiku awiri oyamba, ndipo mafuta sagwirizana naye mpang'ono pomwe, koma iye ankangoganiza za bafa ndi mafuta odzola a kunyumba kwa makasitomala. Sanaganizepo za chipewa chomwe chili mapazi asanu kuchokera pabedi lake.

Bambo ake anali pakhomo akuvula nsapato zantchito. Ndi munthu wa mawu ochepa, moti nthawi zina timaiwala kuti ali m'nyumba. Anangoti chitsulo chamafuta sichigwira, ungawotcherere bwanji chimadzalekana, n'chifukwa chake iwo amayamba apukuta. Kenako anayang'ana kukhitchini komwe kunali mkazi wawo, n'kuwonjezera motsitsa mawu kuti iwo sananene kanthu.

Apa mpamene khoswe anakhala pamkhate. Kanyerere anadikira mayi ake adye, apume, n'kuwafotokozera mofatsa, foni ili m'manja. Mayi ake sanafune n'kuyang'ana komwe zithunzizo. Anati zakukanika ndiye wapeza pothawira ndi tsitsi langa. Anati sitimu ija yadutsamo mitu yosawerengeka iwe usanadziwe kupukuta mamina. Anati lamulo silisintha, tsiku silisintha, ndipo nkhani yatha.

Kunatsala masiku khumi ndi atatu. Kanyerere anati pakufunika munthu mmodzi, nkhope imodzi, maso awiri oikidwa tsiku limodzi ndi dzanja limodzi, diso lina lilowe mu nthunzi ndi mafuta, lina litchingidwe. Akatero palibe anganene kuti uyu amatikita, uyu satikita. Vuto linali lakuti palibe kasitomala angalole kuyenda m'misewu diso lina lili ndi nsidze, lina lili mbee. Ndinamuuza kuti maso alipo, awa. Anakana, nati anthu andiseka.

"Mkazi mnzanga," ndinatero, poti ndi mmene timaitanirana tikamacheza, "maso awa aona zochititsa manyazi zambiri kuposa nsidze. Konza bedi."

Chotchingira anabweretsa ndi apongozi anga. M'mawa mwake tinapeza patebulo magalasi awo akale owotcherera, aja ozungulira ngati tizikho tiwiri ta lamba wa mphira. Galasi la kumanzere anali ataligulula, pangotsala chibowo, ndipo la kumanja anali atamata timabowo take ta mpweya ndi tepi. Anali atawatsuka ndi sopo mpaka fungo la chitsulo kutha. Eni ake anali atapita kale kuntchito, tiyi osamwa.

Lolemba kusaluni kumakhala zii. Ndinagona pakabedi kaja koyamba m'moyo wanga. Sizipweteka. Umangomva kampweya ka munthu pachipumi ndi kukhudza kopepuka ngati ntchentche ikutera, ndipo akuti ndinaliza mkonono, ngakhale ine sindikukhulupirira. Atamaliza anandipatsa kalilole. Ndinaona nkhalamba ya maso a mwana wa ng'ombe. Ndinavala magalasi aja, n'kutsegula katani, n'kukakhala pampando wa mwana wanga, n'kumuuza kuti ndabwera ngati kasitomala, andichite zonse zimene amachita, osadumpha kanthu.

Anandiyang'ana nthawi yaitali, chipeso chili m'mwamba.

"Amayi, mukufuna kundichititsa manyazi m'saluni mwanga momwe?"

"Manyazi achokera kuti? Ngati mwanayu ali ndi manja a nkhuni, maso onse awiri athothoka limodzi, ndipo bedi lija ndikuthandiza kunyamula ineyo. Yatsa chipewa chako."

Mwana wanga ndi wouma khosi koma si wachinyengo. Ananditsuka, anandipaka mankhwala, anandikhazika mu nthunzi theka la ola lokwanira, akuyang'ana wotchi. Popopera anazunguliza katatu monga mwa masiku onse, osachepetsa, osawonjeza. Kenako anandipatsa botolo n'kunena mozizira kuti m'mawa uliwonse, monga amauzira makasitomala ake.

Ndiye m'mawa uliwonse ndinkavala magalasi owotcherera, n'kutseka maso, n'kupopera mutu. Kupatula apo, maso onse awiri ankalandira chisamaliro chimodzi. Kanyerere ankanditsuka nsidze ndi kathovu ka sopo wopanda mafuta, n'kuumitsa ndi kafani kakang'ono, n'kupesa ndi kaburashi kake kangati kamswachi. Anandiletsa kugona chafufumimba, anandiletsa kutikita, ndipo mafuta anga odzola, amene ndadzola kumaso kuyambira ndili mtsikana, anati azilekezera m'masaya. Apongozi anga akandipeza nditavala magalasi awo ankayang'ana kudenga mwaulemu, koma tsiku lina tiyi anawatulukira m'mphuno. Wailesi anaulutsa nkhaniyi msewu wonse tsiku loyamba lomwelo.

Tsiku lachitatu ndinapeza zitatu papilo. Lachisanu, diso la kumanzere linayamba kuoneka ngati mpanda wothyoka mwina ndi mwina. Pofika tsiku lachisanu ndi chinayi linali ngati tsache lakutha, pamene la kumanja linali chiimire, longotaya ziwiri kapena zitatu. Sindinabisale. Ndinapita kukatenga mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi, ndinakwera basi, ndinakagula sopo. Kondakitala wina atandiyang'anitsitsa anafunsa ngati magetsi anazima asanamalize diso linalo. Ndinamuuza kuti ayang'ane la kumanjali, ndi ntchito ya mdzukulu wanga, ndipo akauze mkazi wake kuti saluni yake ndi ya chitseko chobiriwira. Mwana wanga masiku onsewo ankalankhula nane akuyang'ana m'mbale, m'foni, pazenera, paliponse kupatula kumaso kwanga.

Loweruka lomaliza la mwezi anthu anadzazanso, ndipo Ahedi analipo, atabwera za tsitsi lokha. Sindinapinde matawulo tsiku limenelo. Mpando utangotsala wopanda munthu ndinakhalapo, kutsogolo kwa kalilole wamkulu. Saluni yonse inaona. Ahedi anavala magalasi awo n'kusendera pafupi, n'kufunsa kuti chachitika n'chiyani. Kanyerere anafotokoza mwachidule, osakweza mawu, osayang'ana kwa mayi ake: tsiku limodzi, guluu mmodzi, diso ili linalowa mu nthunzi ndi mafuta, ili ayi.

Mwana wanga anapukuta manja patawulo n'kubwera. Anandigwira chibwano, monga ndinkamugwirira iye ali mwana ndikamamuchotsa chitsotso, n'kunditembenuzira kuzenera. Anayang'ana diso ili, anayang'ana ili. Anapitirira mpaka khosi kundiwawa. Kanyerere anali pakatani pomwe paja, pomwe anayima tsiku la kapepala. Ine mumtima ndinkati nena, mwana wanga, ndi liwu limodzi lokha, anthu ake ndi omwewa.

Anandisiya chibwano, n'kutola chipeso, n'kulankhula akuyang'ana m'kalilole, ngati akuuza khoma.

"Kuyambira Lolemba tsitsi liziyamba, nsidze pambuyo. Woikidwa nsidze asalowe sitimu mpaka padutse masiku awiri. Ahedi, bwerani ndikumalizeni."

Bedi silinachoke. Za tsitsi kuphwanyika munthu akagona, Kanyerere anakambirana ndi telala wa khomo loyandikana, n'kusoketsa kapilo kokhota kogwira khosi lokha, mutu n'kumalendewera osakhudza bedi. Popeza tsopano anthu amabwera kwa iye atapoperedwa kale, sayamba ntchito asanatsuke nsidze zawo ndi thovu n'kuziumitsa gwa. Amati ndi nzeru ya bambo ake, kuyamba wapukuta. Akamaliza salola munthu kudzuka msanga. Amamuuza ali chigonere kuti masiku awiri asayandikire nthunzi, ngakhale ya mphika, ndiponso kuti asaope madzi pambuyo pake, chifukwa ambiri amaleka kusamba m'maso poopa kuti zigwa, pamene litsiro ndi mafuta a khungu n'zimene zimazigwetsa. Amamupatsa kaburashi, amamuonetsa mmene angatchingire maso ndi dzanja popopera tsitsi, amamuchenjeza kuti ikapindika imodzi asaizule, abwere nayo. Ndipo amamuuza zoona, kuti palibe nsidze yosagwa, pakatha masabata awiri kapena atatu abwere adzawonjezere.

Ahedi anatenga mwezi wathunthu asanalimbe mtima. Atagonanso pabedi paja, nsidze zinakhala masabata anayi, ndipo poti mawu awo amafika kumapeto kwa bwalo, aphunzitsi onse a pasukulu pawo anabwera motsatizana. Lero wofuna Kanyerere Loweruka amayenera kunena Lachiwiri. Pabeseni analembapo munthu wina. Kanyerere anandichotsa ine zotsala zija ndi mankhwala ake, n'kundifunsa ngati ndikufuna zatsopano. Ndinati ntchito yanga ndagwira, maso anga abwerere mwakale.

Mwana wanga naye anasintha, koma mwa njira yake. Anadula chipulasitiki choonekera n'kuchikhotetsa, ndipo tsopano amachigwirizira pachipumi cha kasitomala akamapopera. Palibe anamuuza. Ndamumvapo akulangiza mayi wina kuti ife kuno tinapeza kuti mafuta ndi guluu sizimwerana madzi, ndipo mawu oti ife anawatchula osaphethira. Tsiku lina Kanyerere anapeza nyali yatsopano pabedi lake, yowala bwino, ya khosi lopindika, ili m'bokosi, popanda wonena kuti yachokera kuti. Anatuluka kuseri kwa katani n'kuti zikomo amayi. Mayi ake anayankha kuti yakale ija inkadya magetsi.

Nyali ndi nyali. Koma mawu aja ananenedwa pagulu, ndipo mpaka lero sanabwezedwe. Mwana wanga ndi munthu amene amati pepani kakhumi patsiku: akakoka tsitsi pang'ono pepani, madzi akatentha pepani, kasitomala akadikira pepani. Kwa mwana wake wobereka yekha liwulo limakanirira pakhosi. Kanyerere naye sanaiwale. Kapepala ka Ahedi kaja akadali nako m'kabati ya zipangizo, ndipo pambali pake pali kabokosi ka nsidze zazifupi, zofewa, zomwe anasankha poyang'ana maso a mayi ake, poti ndi aang'ono ndipo nsidze zake n'zochepa. Sanakatsegule. Mayi ake anandifunsapo kawiri, ngati zocheza, kuti kodi pogona paja sizipweteka. Nditam'fikitsira Kanyerere, anati bedi lilipo tsiku lililonse, ngakhale Loweruka awapezera malo, koma khomo lolowera ndi liwu limodzi, ndipo linenedwe katani ali chitsegulire.

Ndinam'kumbutsa mwana wanga sabata yatha, tili awiri tikupinda matawulo, kuti ali ndi ngongole kwa mwana wake ndipo nyali siingaithetse. Anapinda thawulo lina mpaka kumaliza, n'kuliika pamwamba pa anzake, n'kulisalaza ndi dzanja. Kenako anandifunsa ngati ndikukumbukira tsiku limene ndinamupeza akuluka tsitsi la anzake kuseri kwa nyumba m'malo mowerenga, ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndi zimene ndinanena pamaso pa anzakewo, kuti manja amenewo sadzamudyetsa.

Ndikukumbukira. Ndinathyola ndi chipeso chomwe. Papita zaka makumi atatu, ndipo manja amenewo ndi amene amandigulira mankhwala. Ndinangotola thawulo lina. Kanyerere anali kuseri kwa katani, ataweramira pankhope ya munthu, akupatula nsidze imodzi pa zinzake, ndipo sindikudziwa ngati anamva. Kabokosi kaja kakadali kosatsegula.